Ana afunse okha: njira ziti zimathandizadi pophunzitsa mafunso a Chingerezi m'kalasi yodzaza?

Tsiku lina mukakhala ndi piriyodi yopuma, kakhaleni kumbuyo kwa kalasi ya mnzanu wa Chingerezi muli ndi kapepala m'manja. Funso likatuluka pakamwa pa mphunzitsi, lembani kamzere kumanzere; likatuluka pakamwa pa mwana, kumanja. Ine nditachita zimenezi, kumanzere kunadzaza, pomwe kumanja kunali kamzere kamodzi kokha, ndipo funso lake linali lakuti "Please madam, may I go out?" Sindinamuseke mnzangayo. Akanati akhale kumbuyo kwa kalasi yanga, kapepala kake kakanaoneka chimodzimodzi.

Mwana wathu amafika Fomu 4 atayankha mafunso osawerengeka, koma amene anafunsa iye mwini m'Chingerezi tingawawerenge ndi zala. Kunyumba nako anakula akuuzidwa kuti mwana safunsafunsa pamaso pa akulu, ngakhale kuti akulu omwewo ndi amene anatisiyira mwambi wakuti safunsa anadya phula. Akadzaitanidwa ku intavyu ya ntchito n'kuuzidwa kuti "Do you have any questions?" amangozyolika. Chofunsa ali nacho, koma sanazolowere kumanga funso mofulumira maso a anthu ali pa iye.

Njira zoyeserera mafunso pakamwa zilipo zambiri, ndipo mabuku a aphunzitsi ochokera kunja amaziyamikira pafupifupi zonse. Kungoti ambiri mwa mabukuwo analembedwa poganizira kalasi ya ana 15 yokhala ndi makina a fotokope pakhomo. Ife chiyambire 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, tinazolowera makalasi amene chiwerengero cha ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, chimene boma limafuna, chimamveka ngati nthano. Choncho njirazi ndaziika pa sikelo ya kalasi ya ana 80, choko, bolodi ndi makatoni otola ku golosale.

Pagona vuto ndi apa

M'Chichewa timati "Ukupita kumsika." Kuti likhale funso timangochotsa "kumsika" n'kuikapo "kuti", mawu ena onse ali pamalo pawo. Tikafuna timaika "kodi" kutsogolo, basi zatha. Chingerezi chimafuna kuti mwana agwire ntchito zingapo m'kamphindi kamodzi. Mawu ofunsira awasamutsire kutsogolo, mneni wothandiza adumphe mwininkhani, ndipo chiganizocho chikakhala kuti chilibe mneni wothandiza akabwereke do, does kapena did. Akabwereka did, nthawi ya mneni isamukire kwa did yemweyo, went abwerere kukhala go. Tikamamva "You are going where?", "Where you are going?" kapena "Did you went?" tisafulumire kunena kuti mwanayu ndi mbuli. Akutionetsa pamene wafika paulendo.

Mu 1988 akatswiri atatu, Manfred Pienemann, Malcolm Johnston ndi Geoff Brindley, amene ankagwira ntchito ndi ophunzira Chingerezi ku Australia, analongosola masitepe amene anthu amadutsamo pophunzira mafunso. Wophunzira amayamba ndi chiganizo wamba chokwezedwa mawu kumapeto. Kenaka amaika mawu ofunsira kutsogolo koma osatembenuza kanthu. Pambuyo pake amayamba kutembenuza m'mafunso ngati "Is she your sister?" ndi "Where is the chalk?", ndipo akakhwima amafika pa "What is she doing?" ndi "Where did you go?" Omalizira kukhazikika ndi ma question tags (timafunso tomata kumapeto kwa chiganizo, monga "isn't it?") ndi mafunso obisala m'kati mwa anzawo, monga "Can you tell me where the hospital is?" Izi zikutanthauza kuti mwana wonena "Where you are going?" ali kutsogolo kwa mnzake wonena "You are going where?", ngakhale onse awiri timawapatsa mtanda womwewo ndi cholembera chofiira.

Poyesa njira iliyonse ndimadzifunsa zinthu zitatu. Mwana mmodzi afunsa mafunso angati piriyodi isanathe? Kodi funsolo walimanga yekha, kapena waliwerenga pabolodi? Nanga wofunsayo sakulidziwadi yankho? Chachitatuchi n'chofunika kuposa mmene chimaonekera. Michael Long ndi Charlene Sato anaonetsa mu 1983 kuti aphunzitsi a Chingerezi m'kalasi amafunsa kwambiri mafunso amene mayankho ake akuwadziwa kale, pomwe kunja kwa kalasi anthu amafunsa chifukwa sakudziwa. Mwana woonera ife amaphunzira kuti funso ndi msampha wogwirira anthu, osati chida chopezera chimene akusowa.

Kwaya ndi unyolo

Iyi ndi njira imene tonse tinakuliramo: mphunzitsi anena, kalasi yonse ibwereza ngati kwaya. Ambiri amene anapita kusukulu zaukachenjede amainyoza, koma ine sindiitaya. Lilime limafuna kuzolowera kuti "where do you" ituluke ngati liwu limodzi, ndipo mwana wamanyazi amatsegula pakamwa pokhapokha akabisala m'mawu a anzake. Siifuna pepala, siifuna malo. Aphunzitsi a kupulayimale amene anazolowera "I do, we do, you do" (mphunzitsi aonetse, achitire limodzi ndi ana, kenaka ana achite okha) chibwerere pulogalamu ya National Reading Programme mu 2016 akudziwa kuti iyi ndi "we do" ija.

Choipa chake n'chakuti mwana akhoza kuimba funso kwa mphindi khumi maganizo ali pa chigumu cha pa buleki. Sakufunsa munthu, sakudikira yankho. Imakhala ndi moyo pang'ono mukamasintha chinthu chimodzi nthawi iliyonse: inu munena "She went to Limbe", n'kukweza katoni yolembedwa When, mzere wachitatu umange funso, mukweze Why, mzere wachinayi umange. Kuposanso apo, itanani ana anayi kutsogolo, aliyense anyamule katoni ya liwu limodzi, YOU, ARE, GOING, WHERE, ndipo kalasi iwauze woti asunthe mpaka funso liime bwino. Ana akaona mnzawo wonyamula ARE akudumpha wa YOU ndi miyendo yake, kutembenuza kuja sikukhalanso nkhani ya m'buku. TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndi imeneyi. Koma mphindi zisanu zakwana.

Mbale wake wa kwaya ndi unyolo, pamene woyamba afunsa wachiwiri, wachiwiri afunsa wachitatu, mpaka kumbuyo. M'kalasi ya 80 iyi ndi njira yotayitsa nthawi kuposa zonse. Muwerengere masekondi 15 pa mwana aliyense: mphindi 20 zapita, theka la piriyodi ya kusekondale, ndipo aliyense wafunsa kamodzi kokha. Ngati mukuikondabe, mzere uliwonse ukhale ndi unyolo wake, yonse iyende nthawi imodzi.

"Find someone who…"

Iyi ndi yokondedwa kwambiri ku misonkhano ya aphunzitsi ku TDC (malo osulirako aphunzitsi a m'dera), chifukwa aphunzitsi 30 akamaichita muholo imakoma zedi. Pabolodi mumalemba mndandanda: wina amene anafikako kunyanja, wina amene amatha kukwera njinga atanyamula mnzake, wina amene anadyera usipa dzulo, wina amene amasapota Wanderers. Mwana aliyense amayendayenda kufunsa anzake mpaka atapeza dzina pa mzere uliwonse. Pa zinthu zitatu zija imakhoza ziwiri mosakayikitsa: aliyense amalankhula, ndipo yankho sakulidziwadi. Funso lomwelo amalibwereza kasanu kapena kakhumi osatopa nalo, popeza akusaka munthu.

Mukaitengera m'kalasi yeniyeni mumakumana ndi zina. Malo oyendamo palibe. Phokoso limadumpha khoma losafika kudenga, ndipo mnzanu wa masamu kuseriko amabwera pakhomo nkhope itasintha. Mukatembenuka, mumamva "Iwe, unapitako kunyanja? Sayina apa." Ena amangowerenga zimene zili pabolodi ndi mawu okweza, "Has been to the lake?", ndiye kuti funso silinamangidwe n'komwe. Komanso ikasiyidwa mmene ilili imangobala mafunso a yes ndi no.

Ndimaichita panja, pansi pa mtengo, ana ataima m'mizere iwiri yoyang'anana. Ndikawomba m'manja, mzere umodzi umasuntha malo amodzi, choncho aliyense amakhala ndi munthu woti amufunse, ndipo palibe wobisala kumbuyo kwa gulu. Tisanatuluke timasandutsa limodzi mizere iwiri yoyamba kukhala mafunso, yotsalayo aone okha. Lamulo ndi lakuti aliyense woyankha yes afunsidwenso funso lachiwiri la when, where kapena who. Chenjezo limodzi limene mabuku akunja sanena: samalani ndi zimene mukulemba pamndandanda. "Someone whose father has a car" kapena "someone who had tea with milk this morning" ndi mafunso amene amavula mwana wamasiye ndi wosauka pamaso pa anzake. Kawiri pa temu ndi kokwanira. Ikachuluka, ana amadziwana zonse ndipo sipakhalanso chofunsa.

Zilapi za Chingerezi ndi mpando wakutsogolo

Sewero la mafunso 20 ndi lakale, ndipo linatchuka pa wailesi ku America kuyambira 1946 ndi pa BBC kuyambira 1947. Mwana mmodzi amaganizira chinthu, anzake amusake ndi mafunso oyankhidwa yes kapena no, osapitirira 20. Ana athu amaligwira msanga chifukwa ndi mphwake wa "Chilapi! Nachize!", kungoti apa wofunsa ndi gulu. Ubwino wake ndi wakuti limakakamiza kumvetsera, popeza yankho lililonse limasintha funso lotsatira. Limaphunzitsanso kufunsa mwanzeru. Wofulumira kunena "Is it a goat?" amawononga mpata, pomwe wofunsa "Is it alive?" wadula dziko pakati. Anzathu a masamu angakuuzeni kuti funso lililonse likamadula pakati chotero, mafunso 20 akhoza kusiyanitsa zinthu 1,048,576. Pa is it, does it ndi can it palibe sewero loposa ili, ndipo limayenda ngakhale ku Sitandade 5.

Mpando wakutsogolo ndi wofanana nalo. Mwana amakhala pampando n'kusanduka munthu wina, kalasi imufunse. Akakhala John Chilembwe, mafunso a nthawi yakale amabwera okha: anapita liti ku America ndi Joseph Booth, anabwerako liti, anakhazikitsa bwanji mishoni ya PIM ku Mbombwe, chinachitika n'chiyani mu Januwale 1915. Mnzanu wophunzitsa mbiri yakale adzakuthokozani.

Koma tiwerenge. M'mphindi 15, funso limodzi pa theka la mphindi, atuluka mafunso 30. Ana ndi 80, ndipo mafunso 30 amenewo satuluka pakamwa pa ana 30 ayi. Amatuluka kwa ana khumi omwewo a kutsogolo, okweza manja tsiku lililonse. Kalasi imaoneka yamoyo, a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akhoza kulemba zabwino m'fomu yawo, pomwe ana 70 angoonerera. Mankhwala ake ndi kuliphwanya: ana a desiki yakutsogolo atembenukire a kumbuyo, gulu lililonse la anthu asanu ndi mmodzi lisewere lokha. Mukalichita ndi kalasi yonse, perekani mphindi ziwiri kuti aliyense alembe funso limodzi, kenaka musankhe inu wofunsa, osayang'ana manja. Mary Budd Rowe anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo ana ambiri amalowa m'nkhani ndi mayankho otalikirapo. Ngati zili choncho poyankha, kuli bwanji pomanga funso m'chinenero cha eni.

Iwe uli ndi theka, ine ndili ndi theka

Apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa akanati andilande njira zonse n'kundisiyira imodzi, ndikanasankha iyi. Ana amakhala awiriawiri. Wina ali ndi theka la uthenga, mnzake ali ndi theka linalo, ndipo palibe njira yodzazira mipata yopanda kanthu koma kufunsa. Azungu amati information gap. Amene anaitchukitsa kwambiri ndi N. S. Prabhu, amene pakati pa 1979 ndi 1984 anatsogolera ntchito yophunzitsa Chingerezi m'sukulu za kumwera kwa India, ku Bangalore ndi madera ena. Makalasi ake anali aakulu, zida zake bolodi ndi choko, ndipo ana ankagwira ntchito ndi zinthu ngati mapu ndi ndandanda ya nthawi za sitima. Iyi si njira yobadwira m'kalasi ya ana 15.

Funso la mphunzitsi aliyense ndi lakuti, popanda fotokope ndipereka bwanji mapepala awiri osiyana? Simupereka. Jambulani tebulo limodzi pabolodi, lina pakatoni yaikulu kapena kuseri kwa kalendala yakale, mulipachike kukhoma la kumbuyo. Pa ana awiri aliwonse, mmodzi ayang'ane kutsogolo, mnzake atembenukire kumbuyo. Aliyense akopere tebulo lake m'kope, mipata yopanda kanthu ikhale yopanda kanthu. Kenaka phimbani matebulo onse awiri, makope aimikidwe kuti mnzake asasuzumire, ayambe.

Chimene mwaika m'tebulomo ndi chimene chimasankha mtundu wa funso, ndipo apa mpamene njirayi imaposa zinzake zonse, chifukwa chiwongolero chili m'manja mwanu. Mukufuna does? Pangani ndandanda ya mabasi ochoka ku Wenela kupita ku Zomba, Mangochi, Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga, ndi nthawi yonyamukira, nthawi yofikira ndi mtengo: "What time does it leave?", "How long does it take?", "How much does it cost?" Mukufuna how much ndi how many? Mndandanda wa zogula kumsika. Mukufuna is there ndi are there? Aliyense ajambule pakhomo pa kwawo mobisa, mnzake ajambule zomwezo pongofunsa ngati kuseri kwa nyumba kuli khola, ndi kuti mbuzi zilimo zingati. Akamaliza n'kuyerekeza zojambulazo, kuseka kwake kumamveka mpaka ku ofesi ya ahedi.

Pali vuto lina limene sindinapeze njira ina yolithetsera koma iyi: kusiyana kwa "Who phoned Chikondi?" ndi "Who did Chikondi phone?" Mwana amene wangogwira kumene did amamuthira paliponse ngati mchere, n'kumati "Who did phone Chikondi?" Lembani mayina asanu ndi limodzi mozungulira, ndi mivi yosonyeza woimbira mnzake foni, mivi ina ili kwa woyang'ana kutsogolo, ina kwa woyang'ana kumbuyo. Wofunsa funso lolakwika amalandira dzina lolakwika, muvi wake umaloza kwina, ndipo amaona yekha kuti mafunso awiriwa si amodzi.

Tiwerengenso. Mipata khumi pa mwana aliyense, ana 80, ndi mafunso 800 m'mphindi zomwezo zimene mpando wakutsogolo unatipatsa 30.

Sindikubisirani zoipa zake. Imafuna kukonzekera dzulo lake, ndipo mukalakwitsa n'kusiya mpata womwewo m'matebulo onse awiri, ana amakuitanani mbali zonse. Choopsa kwambiri n'chakuti ntchitoyi ikhoza kutha bwinobwino popanda funso ngakhale limodzi lomangidwa. Ana ndi ochenjera: "Mzuzu, time?" "Seven." "Money?" Tebulo ladzaza, galamala sinakhudzidwe. Choncho ndimapereka udindo kwa woyankha. Funso likakhala loduka, sayankha, amangoti "Ask again, please." Ana amakonda upolisi umenewu kuposa mmene mungaganizire. Ulendo woyamba ndimasiya chitsanzo cha funso pamwamba pa bolodi, wachiwiri ndimafufuta theka lake, wachitatu chonse. Magulu 40 simungawamve onse, ndipo musayese n'komwe. Sankhani asanu lero, ena asanu mawa, imani pafupi mwakachetechete, lembani zolakwa zitatu zimene zikubwerabwera, muzikonze pabolodi pamapeto osatchula dzina la munthu. Akamakangana m'Chichewa za amene ayambe, asiyeni. Chofunika n'chakuti funso lenilenilo lituluke m'Chingerezi.

Yankho ndi ili, funso n'lotani?

Iyi siifuna kukonzekera kulikonse. Lembani pabolodi mayankho asanu a moyo wanu: "Ntcheu", "Three", "By bicycle", "In 2011", "Because of the rain". Awiriawiri alembe mafunso amene akuganiza kuti ndi ake, kenaka akufunseni. Funso likamangidwa bwino koma lisali lolondola, muliyankhe moona: "How many children do you have?" "One. Try again." Ndimaikonda tsiku loyamba la chaka, chifukwa m'mphindi khumi ndimadziwa sitepe imene kalasi yaimapo, komanso ana amalandira chilolezo chimene sanachilandirepo, chofunsa munthu wamkulu. Konzekani kumva "Are you married, madam?" kuchokera kumbuyo. Ikathera pa inu nokha ili ndi matenda a mpando wakutsogolo, choncho gawo lachiwiri likhale lakuti aliyense alembe mayankho ake asanu, asinthane ndi mnzake.

Mbuzi yabedwa

Kwa ana a Fomu 3 ndi 4, sewero la apolisi lilibe linzake. Mumalengeza kuti mbuzi ya amfumu inabedwa Loweruka pakati pa 2 koloko ndi 5 koloko masana. Oganiziridwa awiri amatuluka kukapangana nkhani yoti anali limodzi kwina, pomwe otsala akukonza mafunso. Woyamba amalowa n'kufunsidwa, kenaka wachiwiri, ndipo nkhani zawo zikasiyana patatu, mlandu wawagwera. Apa mafunso amabadwa pomwepo, osalembedwa, chifukwa wapolisi wamva kuti anakaonera mpira, ndiye akufuna kudziwa amene anagoletsa, mtundu wa malaya a mnzake, ndi amene analipira minibasi. Did, was ndi were amagwira ntchito mpaka thukuta. Mtengo wake ndi piriyodi yathunthu, ndipo m'kalasi ya 80 pamafunika mabwalo anayi nthawi imodzi, zimene zimatheka panja pokha. Ku Fomu 1 musaiyese msanga, imangosanduka Chichewa. Ndipo musasankhe kukhala woganiziridwa mwana amene anamunenezapo zakuba, ngakhale atakweza dzanja yekha.

Timasewero toloweza, ta kuchipatala kapena ku positi ofesi, sindimatiwerengera kwenikweni. Mwana woloweza mbali yake sanafunse kanthu, wangolakatula. Pamene timathandiza ndi pa nkhani ya ulemu. M'Chichewa ulemu uli m'mneni momwemo, "ukupita" kwa mnzako, "mukupita" kwa wamkulu. Chingerezi chili ndi you mmodzi yekha, ndipo mwana wathu amamva ngati akutukwana akafunsa ahedi kuti "Where are you going?" Muonetseni kuti Angerezi ulemu wawo anaubisa mu "Could you tell me…" ndi "Do you know…", ndi kuti m'kati mwa mafunso amenewa mawu amabwerera pamalo pawo, "where the clinic is", osati "where is the clinic". Awiriawiri, wina akweze katoni yolembedwa FRIEND kapena HEAD TEACHER, mnzake afunse funso lomwelo moyenera munthuyo. Koma dikirani kaye mpaka kutembenuza kutakhazikika. Mukafulumira, mukuuza mwana kuti amasule mfundo imene sanaimange.

Pokonza zolakwa pakati pa zonsezi, zala zimaposa pakamwa. Mwana akati "Where you are going?" ndimakweza zala zinayi, liwu lililonse chala chake, n'kupingasa chachiwiri ndi chachitatu. Amadzikonza yekha, ine osanena liwu. Kungobwereza funso lake molondola sikugwira kwenikweni, chifukwa amaganiza kuti ndikuvomereza.

Ndiye mukandifunsa kuti sabata yamawa muyambire pati, ndiyamba ndakufunsani kalasi yake. Ku Sitandade 5 ndi 6, kwaya ya mphindi zisanu, makatoni odumphana, kenaka mafunso 20 m'timagulu. Kuyambira Sitandade 7 mpaka Fomu 2, matebulo a theka ndi theka akhale nsima ya sabata iliyonse, "Find someone who" ikhale ndiwo ya apo ndi apo. Apolisi ndi mafunso aulemu adikire Fomu 3.

Za "isn't it?" ndi "Yes, I didn't"

Ma question tags timawaphunzitsa kwambiri ndi cholembera chifukwa mayeso a MANEB amawafunsa, ndipo ana amakhoza papepala. Akatuluka panja, chiganizo chilichonse chimathera mu "isn't it?", popeza m'mutu mwawo muli "eti?" ndi "si choncho?", amene sasintha kaya mneni ndi wotani. Kuti afike pakamwa, aikeni pamene amagwiradi ntchito, potsimikiza chimene ukuganiza kuti ukuchidziwa. Patatha masiku awiri chichitikire "Find someone who", aliyense abwerere kwa amene anamufunsa, kope litatsekedwa, ayese kukumbukira: "You support Bullets, don't you?", "You haven't been to the lake, have you?" Wokumbukira molondola apeza pointi.

Pomwepo mudzakumana ndi vuto lalikulu kuposa tag yeniyeniyo. Tikafunsidwa kuti "Sunadye?" timayankha kuti "Eya, sindinadye", kuvomereza mawu a wofunsa. Mngerezi amayang'ana chochitikacho: ngati sanadye, yankho ndi no, kaya funso labwera chotani. Mwana wathu akadzafunsidwa ndi dokotala wachilendo kuti "You haven't taken the tablets?" n'kuyankha "Yes" akutanthauza kuti sanamwe, dokotalayo akhoza kulemba kuti anamwa. M'kalasi yanga yes ndi no oyenda okha ndi oletsedwa temu yonse yoyamba. Woyankha anene "Yes, I did" kapena "No, I didn't", ndipo akanena "Yes, I didn't" mnzake amugogodere padesiki kawiri kuti abwereze. Masabata oyamba madesiki amalira ngati ng'oma.